Mmene Lambeti Anatayira Linga Lake

Tirigu anacha bwino chaka chimenecho, ndipo m'bwalo la linga la Mwala Wofiira munali fumbi la opuntha ndi nyimbo za opeta. Mwini lingalo, Bwana Lambeti, ankangozungulira milu ya tirigu nkhope ili yakugwa, ngati kuti wina wamubera. Munthuyu anabadwira ku Ulaya, mwana wachitatu wopanda cholowa, ndipo anawoloka nyanja pa nkhondo za mtanda zaka mazana asanu ndi atatu zapitazo. Mfumu yake inamupatsa linga la kumalire: khoma lochindikala, chitsime chosaphwa, midzi isanu ndi asilikali a pa akavalo makumi anayi. Ife a kuno ku Wimbe, amene timapsa ndi dzuwa pamzere kudikira matumba awiri a feteleza wa makuponi, tikanavina mpaka miyendo kutupa. Koma mtima wa Lambeti unali thumba lobooka.

Chomuwawa chinali pangano. Kutsidya kwa mtsinje kunkalamulira kalonga wachisilamu, Mansuru, ndipo mwambo wa kumalireko unali wakuti zokolola za minda ya m'mbali mwa mtsinje azigawana pakati, malinga lupanga likhale m'chimake. Lambeti akaona ngamira zikunyamula theka la tiriguyo, chakudya sichinkalowa.

Tsiku lomwelo kazitape wake anafika ali wefuwefu. "Bwana, asilikali a Mansuru apita kunkhondo kumpoto. Mzinda wake uli wokha, chipata chili chotsegula."

Maso a Lambeti anayaka. Jeremiya, kapitawo wokalamba wa nkhokwe, mbadwa ya dzikolo, anagwada. "Bwana, ndakalamba ndikuwaona anthu amenewa. Akamathawa ndiye kuti akukuitanani. Siyani ngakhale amuna khumi pakhoma."

"Khumi? Azilondera nkhuku? Pofika mawa ukhala ukusunga makiyi a mzinda, osati a nkhokwe."

Mkazi wa Lambeti, Aneti, anagwira chingwe cha kavalo. "Munadya mkate ndi mchere ndi Mansuru popangana, bambo. Madzi tili nawo, tirigu ndi uyu. Mukusowanji?"

Yankho lake linali lipenga.

Anatuluka onse makumi anayi, malaya achitsulo akung'anima, nthaka ikunjenjemera. Kunena zoona, anali okongola tsiku limenelo, ndipo ngakhale ine ndikanakhalapo ndikanaimba nawo m'manja. Atangowoloka mtsinje, umene unali utaphwa ndi chilimwe, anaona gulu laling'ono la okwera pa akavalo a Mansuru, ndipo gululo linaliyatsa liwiro lothawa. Magazi anawira! Anawathamangitsa m'zigwa ndi m'zitunda, akukuwa, akuseka, mpaka othawawo anazimiririka m'fumbi ndipo mzinda unaonekera, chipata chili chotseguladi.

Lambeti analowa chifuwa chili patsogolo, nazika mbendera yake pakati pa msika. Atatero m'pamene anamva kuti m'mzindamo muli zii. Munalibe munthu, munalibe mbuzi, ngakhale galu. Asilikali anathamangira kuchitsime, napeza chakwiriridwa ndi mchenga. Chachiwiri chimodzimodzi, chachitatunso. Dzuwa linali paliwombo, ndipo malaya achitsulo aja anasanduka chiwaya.

Ulendo wobwerera unatenga masiku awiri. Akavalo ankagwa mmodzimmodzi, amuna ankavula zitsulo n'kuzitaya m'njira, ena anatsala pomwepo. Lambeti ankadzilimbitsa mtima poganiza za chitsime chake chozizira. Atakwera chitunda chomaliza anakweza maso, ndipo pansanja ya linga lake pankapepeluka mbendera yachilendo. Mansuru anali atazembera kumtunda kwa mtsinje ndi gulu lake lonse, nalowa osaponya ngakhale muvi umodzi. Akanamuletsa ndani, opeta tirigu ndi malichero awo?

Pansi pa mkuyu, m'mbali mwa njira, panakhala Aneti ndi Jeremiya. Anali ndi bulu mmodzi, thumba limodzi la tirigu ndi mtsuko wa madzi. Aneti anangomuyang'ana mwamuna wake.

"Atitulutsa mwaulemu, bwana," anatero Jeremiya, akupereka mtsuko ndi manja awiri. "Akuti madziwa ndi mphatso. Ndi a m'chitsime chawo."

"Chawo?"

"Chawo, bwana."

Lambeti anamwa, misozi ikugwera mumtsuko momwemo, ndipo madziwo anawazindikira kukoma kwake. Anamva chisoni chimene anakalamba nacho akukhalira kupempha pogona m'malinga a anzake. Akulu anali atanena kale: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.