Dzinkambani Anaika Mnzake Akuseka

Kalekale, misewu iyi isanalambulidwe, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Dzinkambani, malume awo a agogo anga. Inu amene mwayamba ntchito m'tauni, mukabwera kuno mumati, "Ku ofesi kwathu tili ngati banja limodzi," senderani pafupi. Banja? Mukulidziwa banja inu?

Dzinkambani anali wocheka matabwa. Anapita kuphiri la mikungudza, ulendo wapansi wa masiku anayi, ndipo mwini ntchitoyo anamuika ukapitawo wa amuna khumi ndi awiri. Kuchekako kunali kwa awiriawiri. Chipika ankachigoneka pamwamba pa dzenje, wina ali pamwamba, wina ali m'dzenjemo, sowo ikukwera ndi kutsika. Wam'dzenje wa Dzinkambani anali Namakhwa, Mlomwe wamfupi wosayankhulayankhula, amene anameza utuchi wa mnzakeyo zaka zisanu osadandaula.

Tsono pamsasapo aliyense ankasonkha moto wake. Alomwe uko, Angoni uko, Amang'anja uko. Munthu akadwala ankabuula yekha m'chisakasa, anzake akumva, osasuntha. Dzinkambani zimenezi zinamuwawa. Tsiku lina anangodzuka n'kugumula mafuwa onse ndi phazi, n'kusiya atatu okha.

"Moto ndi uwu, umodzi," anatero. "Kuyambira lero ndife a bere limodzi. Wodwala timudwazika, wofooka timuchekera. Amene sakufuna, njira yotsika ndi iyo."

Anali wamakani munthuyo, makani athu omwewa. Koma zinatheka, ndithu zinatheka. Anayamba kuitanana achimwene, kudyera m'mbale imodzi, kufunda bulangete limodzi pa chisanu cha m'phiri. Uthenga ukafika woti mkazi wa wina wabereka kumudzi, onse ankavina ngati mwanayo ndi wawo. Nawo matabwa anachuluka, poti munthu sachitira ulesi mbale wake.

Dzinja lina kunagwa mvumbi sabata yathunthu. Nthaka inafewa, mtanda wochirikiza chipika unatitimira, chipika chinagwera m'dzenje. Namakhwa anali momwemo. Pomutulutsa anali atatsirizika kale.

Apa mvetsetsani, poti masiku ano mwambo mwaupeputsa. Kale mbale sankakumba manda a mbale wake. Sankamusambitsa, sankamunyamula. Imeneyo inali ntchito ya adzukulu, anthu apadera, osakhala a magazi amodzi ndi malemu. Ndipo mdzukulu salira. Abale akamalira, iye amaseka, amatonza womwalirayo, amatenga kanthu ka malemu n'kukhala kake. Chidzukulu ukachilowa sichitha, umafa nacho.

Nanga paphiripo adzukulu akanachokera kuti? Mudzi wapafupi unali tsidya la mtsinje, mtsinjewo utasefukira, ukukokolola mitengo. Anadikira tsiku loyamba, madzi osaphwa. Anadikira lachiwiri, madzi osaphwa. Lachitatu ntchentche zinayamba kuzungulira chisakasa chimene Namakhwa anagonekedwamo, amuna otsalawo ali pamoto, manja ali m'khosi, onse abale ake.

A Nyozani, wamkulu pa onse m'zaka, ndiwo anayamba.

"Achimwene, tisanamizane. Ubale wathuwu ndi wapakamwa. Namakhwa si mwana wa amayi anga. Tiyeni tonse tigwire makasu, timuike munthuyu."

Ena anagwedeza mitu. Dzinkambani anawayang'ana mmodzimmodzi, mtima ukumuwawa kuposa tsiku la ngoziyo. Akanavomera, maliro akanatha tsiku lomwelo. Koma Namakhwa akanapita ngati mlendo wofera m'njira, wopanda womulira, ndipo mawa lake aliyense akanabwerera ku moto wake.

"Wapakamwa?" anafunsa. "A Nyozani, pamene munkasanza magazi chaka chatha, amene ankakupukutani anali pakamwa? Si Namakhwa yemweyu?"

A Nyozani anazolika.

"Ndiye tichite bwanji, achimwene? Awole tikuona?"

 Dzinkambani anadziwa kuti njira inalipo imodzi, ndipo sakanaisiyira wina, poti mafuwa aja anagumula ndi iyeyo. Anadzuka, n'kutenga chikho chake chomwera madzi, n'kukachiika patali pansi pa mtengo.

"Inu ndinu abale ake, mukhalabe abale ake. Mumulire mokweza, amve. Ine ndatuluka. Kuyambira pano sindine mchimwene wanu, ndine mdzukulu."

Anagwira khasu yekha. Nthaka ya m'phiri mukuidziwa inu? Miyala yokhayokha, mizu yokhayokha, mvula ikumukwapula kumsana. Anakumba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Anasambitsa mnzake yekha, n'kumukulunga mumkeka, n'kumubereka kumsana. Anzake aja akutsatira m'mbuyo, kulira ngati ana.

Tsono mdzukulu sakhala chete, mwambo sulola. Munthu amene anali ndi chisoni choposa onsewo anayenera kuseka. Ndipo anaseka.

"Waulesi iwe, Namakhwa! Wagona masana ano, matabwa acheka ndani? Taona kulemera, unkadya mobisa eti? Dzenje unkalikonda, nali, ndakukumbira lakolako. Muno mulibe utuchi."

Mano ali pamtunda, maso ouma gwa. Anafotsera, n'kuvala chipewa chong'ambika cha Namakhwa, n'kuvina pang'ono pamandapo monga achitira adzukulu. Amene anaona akuti kuvina kumeneko kunali koliritsa kuposa maliro enieniwo.

Atamaliza, anakasamba, n'kubwerera kumsasa. Miyendo inamutengera pamalo pake pa masiku onse, pafupi ndi moto. A Nyozani anakweza dzanja, misozi ili m'masaya.

"Adzukulu, zanu takuikirani apo."

Anakakhala pansi pa mtengo paja, n'kudya yekha. Moto unakhalabe umodzi. Amuna aja anagwirana kuposa kale, ankachekerana, ankadwazikana, alendo obwera ankalowa mu ubalewo tsiku lomwelo. Koma mawu akuti achimwene Dzinkambani sanawamvenso paphiripo. Zaka zisanu ndi zinayi anatsogolera banja limene iye sanali m'kati mwake, ndipo anaika ena awiri, akuseka.

Anabwerera kuno atakalamba, msana utapindika. Agogo anga ndiwo ankamudwazika. Akuti tsiku lina m'mawa, atamupatsa phala, anawagwira dzanja n'kufunsa chapansipansi:

"Iwe mwana wa mlongo wanga, kuno kulibe amene anali kuphiri. Kodi tsopano ndingamulire Namakhwa?"

Agogo anati lirani, amalume. Anayesa munthuyo, anayesa, nkhope kukwinyika, mapewa kugwedezeka. Misozi sinabwere. Anafa sabata yomweyo asanamulire.

N'chifukwa chake ife a mtundu wa Dzinkambani, tikapatsidwa anthu pa ntchito, sitithamangira kunena kuti ndife banja. Tikanena, timadziwa kuti tsiku lidzafika lofuna munthu woti ataye zake kuti enawo akhalebe pamodzi, ndipo munthuyo ndi amene anayamba kunena. Bwana wanu akadzatinso ndinu banja limodzi, musamuombere m'manja msanga. Muyambe mwamuyang'ana m'manjamo ngati angagwire khasu.