Amene Anatsekera aNankhoma Kunja kwa Geti

Kalekale, osati kalekale la makolo a makolo athu ayi, koma la pamene anthu anangoyamba kuitanirana ku ukwati ndi pepala m'malo motumizirana mawu, kunali ana anayi a mimba imodzi ochokera m'mudzi wina wa ku Ntcheu. Wamkulu anali Yotamu, wopondana naye anali mlongo wake Elube, kenako Zondiwe, ndipo wotsiriza anali mtsikana, dzina lake Edesi. Mayi wawo anamwalira Edesi akadali kumsana, bambo wawo n'kubwerera kwawo osadzaonekanso. Amene anawalera anali mng'ono wa mayi wawo, aNankhoma, amene analibe mwana wobereka okha. Anawalera ndi khasu, kulima kachewere ndi nyemba, mpaka onse anayi anaphunzira n'kukakhala m'tauni ku Blantyre. Palibe mwa iwo anawatchulapo kuti mayi aang'ono. Ankangoti amayi.

Tsono Edesi anapeza banja. Mnyamatayo anali waulemu, koma kwawo kunali kwa anthu opata, aja amati akamakupatsa moni maso ali pa nsapato zako. Pamsonkhano wokonzekera ukwati, akuchimuna anatenga holo ndi chakudya, akuchikazi n'kupatsidwa makhadi oitanira anthu ndi kusamala pageti. Pomwepo malume ake a mkwati anaseka n'kunena kuti, "Koma makhadiwo musadzatilembere ndi bolopeni, alamu." Onse anaseka, Yotamu nayenso anaseka, koma mawuwo anapita nawo kunyumba ndipo anagona nawo.

Abale atatu aja anasonkherana kangachepe komwe anali nako, n'kugawana ntchito. Yotamu akasindikizitse makhadi, Elube asankhe oti awalandire, Zondiwe aone za pageti.

Yotamu anapita kwa wosindikiza. Munthuyo anamuyalira makhadi a mitundu iwiri. Ena anali a pepala wamba, oyera bwino ndithu, ndipo ndalama ya banjalo inali yokwanira kuitanira nawo mudzi wonse mpaka agalu. Ena anali olimba ngati chikuto cha Baibulo, zilembo zake zagolide, omangidwa ndi kansalu konyezimira, ndipo dzina la woitanidwa aliyense linkadindidwa pa khadi yakeyake. Amenewa ndalama ija inkangokwanira ochepa kwambiri. Yotamu sanafunse munthu. Anakumbukira bolopeni ija n'kuloza agolide. Azibale ake atadandaula kuti achepetsa, iye anayankha kuti, "Bola ochepa koma otilemekeza. Aone kuti nafenso tinaleredwa ndi munthu."

Elube ndiye anakhala pansi kusankha maina, mutu n'kumuwawa. Theka la makhadi linali kale la akuchimuna. Otsalawo ankawalimbirana mabwana a kuntchito, akuluakulu a kumpingo, eni nyumba za lendi ndi anzake a Edesi a kusukulu, ndipo aliyense mwa iwo akanamanidwa akanasunga chakukhosi. Atafika pa dzina la aNankhoma, Elube analichotsa, ndipo analichotsa ndi mtima woyera. "Kodi mayi amaitanidwa ku ukwati wa mwana wake?" anatero. "Khadi ndi ya mlendo. Tikawatumizira pepala amayi, adzati tawasandutsa alendo. Iwo ndi eni ukwati, adzalowa nafe limodzi." Apa ndinene chilungamo, kwathu mawu amenewa ndi oona, ndipo palibe anamutsutsa.

Zondiwe anali ataona maukwati a m'tauni akuthera m'manyazi chifukwa cha anthu ongonunkhiza mpunga, aja amavala jekete yobwereka n'kulowa ngati achibale, oitanidwa enieni n'kutsala ndi mbale zopanda kanthu. Popeza chakudya chinali cha akuchimuna, iye analumbira kuti sadzalola anthu amenewo adzanene kuti akuchikazi anabweretsa chigulu cha anjala. Anapeza mlonda wamphamvu, wosadziwa aliyense wa m'banjamo, n'kumuuza kuti, "Wopanda khadi asalowe. Ngakhale wina anene kuti ndi mayi anga ondibereka, musamumvere."

Chakudza sichiyimba ng'oma. Kutatsala tsiku limodzi, m'mudzi mwa aNankhoma munagwa maliro a mayi woyandikana nawo nyumba. Lole yomwe inatumizidwa kukatenga abale inanyamuka ndi ena onse, koma aNankhoma anakana kukwera. Munthu susiya mtembo wa mnzako amene munkapatsana moto n'kupita kukavina. Anatumiza mawu kwa Elube kuti akangoika maliro m'mawa akwera basi, kutchalitchi sakapezekako koma kuholo afika.

Elube analandira mawuwo n'kuwasunga yekha. Anaopa kuti Edesi akamva adzalira n'kuononga nkhope yomwe anaikongoletsa, ndipo azichimwene ake adzasokonezeka. Anati mumtima mwake akawadikira yekha pageti. Kutchalitchi kunali khamu la anthu, aliyense n'kumayesa kuti amayi akhala penapake pakati pa azimayi. Koma kuholo ntchito zinamugwera ngati matalala: keke yapendekeka, atsikana operekeza akangana, alendo aulemu alibe mipando. Ankangoti ndipita pompano, ndipita pompano. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

ANankhoma anafika dzuwa litapendeka, fumbi lili m'miyendo, chitenje cha kumaliro asanasinthe, pamutu atasenza dengu la ufa ndi nyemba zoti mwana wawo akayambire banja. Chovala cha ukwati chinali m'kachikwama, ankati akavalira m'kati. Mlonda anatambasula dzanja.

"Khadi, mayi."

"Khadi ya chiyani, bambo? Ine ndine mayi wake wa mkwatibwi."

"Onse amatero. Khadi."

Mlondayo sanali woipa mtima kwenikweni. Ataona kuti mayiwo sakuchoka, anatuma mnzake kukafunsa m'kati. Wotumidwayo anapeza Zondiwe atasenza makireti a zakumwa, thukuta lili kamukamu, n'kumuuza kuti pageti pali mayi wina wa kumudzi akuti ndi mayi ake. Zondiwe ankadziwa kuti lole ya kumudzi inafika dzulo, ndiye ankayesa kuti aNankhoma ali kale m'kati pakati pa azimayi. Osatembenuka n'komwe anayankha kuti, "Mwayamba kale kunamizidwa? Kawauzeni kuti amayi athu anamwalira kalekale." Mawuwo anakafika pageti monga momwe anawanenera, osachotsapo ngakhale limodzi.

ANankhoma sanakangane. Anatula dengu lawo n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu. Ali pomwepo, inafika galimoto yomwe inakatenga alendo ochedwa, ndipo m'menemo munali Yotamu, atakhala pambali pa malume a mkwati aja. Malumewo analoza pawindo n'kunena kuti, "Taonani, opemphetsa afika kale." Yotamu anayang'ana. Anaona msana, anaona kakhalidwe ka miyendo, anaona dengu lomwe ankalidziwa kuyambira ali mwana. Koma anadziuza kuti sizingatheke, amayi ali m'kati, madengu amafanana. Sanaimitse galimoto kuti atsimikize, ndipo geti linatsekedwa kumbuyo kwake.

Zinaululika nthawi ya perekaniperekani. Woyendetsa mwambo anakweza mawu kuitana mayi a mkwatibwi kuti abwere kutsogolo adzavine ndi mwana wawo. Nyimbo inalira, anthu anaomba m'manja, Edesi anaimirira akumwetulira. Palibe anabwera. Anaitananso kachiwiri, nyimbo n'kumangolira yokha. Elube ndiye anayamba kuthamangira kugeti, azichimwene ake pambuyo. Anapeza dengu lokha, litasiyidwa bwinobwino pafupi ndi mpando wa mlonda. Mwini wake anali atakwera basi yobwerera.

Manyazi amene anagwira anthu atatuwa sindingathe kuwafotokoza mokwanira. Analowanso m'holo mitu ili pansi, wina atanyamula dengu pakati pa matebulo a nsalu zoyera, akuchimuna akunong'onezana. Edesi atamva zonse sanakuwe. Anatsiriza mwambo misozi ili m'masaya, ndipo pamapeto pake anauza ankhoswe kuti m'nyumba ya mwamuna wake salowamo mpaka amayi atakhululuka ndi kumulangiza ndi pakamwa pawo, monga amachitira mayi aliyense. Anakakhala kwa mnzake. Mkwati anapirira, koma abale ake anayamba kufunsa ngati anakwatira mkazi kapena mlandu.

Ankhoswe anapita ku Ntcheu kukapepesa. ANankhoma anawalandira, anawaphikira, anamva zonse zomwe aliyense mwa ana aja anachita, popeza anawo sanabise kanthu. Kenako anati:

"Inu simunandilakwire, ndiye kupepesa kwanu ndikuike pati? Abwere amene ananditsekera kunja, atenge nkhuku, adzakhale pansi apa. Koma abwere mmodzi. Akabwera atatu adzabisalirana kumsana, aliyense n'kumati tinalakwa, tinalakwa, ngati kulakwa kulibe mwini. Ine ndikumudziwa amene ananditsekera. Akabwera wina, ndidzadziwa kuti mpaka lero sanamvetse chomwe chinandipweteka, ndipo Edesi akafune mayi wina womulangiza."

Ankhoswe anayesa kuwanyengerera kuti atchule dzina, koma aNankhoma anangoyamba kusankha nyemba zawo.

Mwina mukuganiza kuti abale aja atamva zimenezi anayamba kulozana zala. Ayi ndithu, ndipo apa mpamene nkhaniyi inavutira. Anakumana kwa Yotamu, palibe anayang'ana mnzake kumaso, ndipo aliyense ankaulimbirira mlanduwo kuti ndi wake.

Yotamu anati, "Ndine. Ndikanagula makhadi wamba, bwenzi amayi ali ndi yawo, ndi ena khumi oti agawire anzawo. Ndinagula ulemu kwa anthu oseka, ndi ndalama yomwe inali yoitanira abale. Ndiponso ndinawaona ndi maso angawa. Munthu anawatchula opemphetsa ine ndili pompo, ndipo ndinakhala chete chifukwa ndinaopa kuti angakhaledi iwo."

Elube anati, "Ayi achimwene, makhadi ngakhale anali ochepa, imodzi ikanapezeka. Dzina lawo ndinalichotsa ndine, n'kuikapo la bwana amene sanabwere n'komwe. Ndipo ndine ndekha ndinkadziwa kuti akubwera mochedwa, ali okha, opanda pepala. Ndikanangotsegula pakamwa, inu nonse mukanawadikira. Ndinakumbukira keke n'kuiwala amayi."

Zondiwe anati, "Achemwali, inu munawachotsa powalemekeza, achimwene anangokayika. Koma geti linali langa, mlonda anali wanga, lamulo linali langa. Ndipo mawu amene analowa m'makutu mwawo ndi anga. Munthu amene anandisambitsa, amene anagulitsa mbuzi zake kuti ndilembe mayeso, anauzidwa kuti amayi athu anamwalira kalekale. Kodi pali chitseko china choposa chimenecho?"

Anakambirana mpaka malovu kuuma. Wina akati ndipita ndine, awiri enawo ankamugwira, osati pomukaniza kulapa, koma poopa kuti akapita wolakwika ndiye kuti atseka khomo la kwawo mpaka kalekale, ndipo ukwati wa mlongo wawo uthera panjira. Nkhuku anagula, yoyera, yonenepa. Ili pakhonde pa Yotamu, yomangidwa mwendo, ikudya madeya. Edesi akadali kwa mnzake, ndipo akuchimuna atumiza mawu kuti kupirira kwawo kuli ndi malire.

Ine nkhaniyi ndaisenza mpaka apa, ndipo ndikuitula pamaso panu. Wina anagula pepala lodula n'kuyang'ana kumbali, wina anachotsa dzina n'kusunga mawu, wina anaika mlonda n'kuwakana osawaona. Ulendo ndi umodzi ndipo wopita ndi mmodzi. Tsono inu mukuti anyamule nkhukuyo ndani, Yotamu, Elube kapena Zondiwe?