Dishi ya a Robson ndi Mango a Alamu Awo

A Robson anapuma kalekale ntchito ya ukapitawo ku esiteti ya tiyi, koma ukapitawo sunapume mwa iwo. Ngakhale nkhuku za pakhomo pawo ku Thuchila zinkadziwa kuti mawu a bambowa akatuluka sabwereranso m'kamwa. Anali munthu wopatsa ndi wokonda kuseka ndi ana, koma akati chakuti n'chakuti, ngakhale mukanabwera ndi abusa sakanasintha.

Pamudzipo anali mkamwini. Mkazi wawo Estele atamwalira, anthu ankayembekezera kuti amanga katundu n'kubwerera kwawo. Koma a Wilson, mlongo wake wa malemuyo, amene nyumba yawo inali kuseri kwa mpanda, anakanitsitsa. "Alamu, mukupita kuti? Mwakalambira pompano, mukhala pompano." Kuyambira pamenepo ubale wa awiriwa unali wa ponda apa nane mpondepo.

Pilirani, mwana wa a Robson wokhala ku Blantyre, anaona kuti bambo ake akusungulumwa, ndipo anawagulira kanema, dikoda ndi dishi. Dishiyo anaimangirira pachitsulo pambali pa nyumba, pafupi ndi kamtengo ka mapeyala kamene Estele anabzala m'dzinja lake lomaliza. Kamtengoko a Robson ankakathirira okha, ndipo mbuzi yoyandikirako inkaona zakuda. Loweruka lililonse a Wilson ankadutsa pampanda atanyamula mbale ya nyemba za kalongonda zophika akazi awo, Annette, ndipo madala awiriwa ankakhala pansi n'kumakalipira osewera mpira amene sankawamva n'komwe.

Zinayenda bwino kwa zaka ndithu. Koma chaka ichi, chiperoni chitangoyamba kuwomba kuchokera kuphiri, kanema anayamba matenda. Wosewera ankati akamenya mpira n'kuuma mwendo uli m'malere, nkhope yake n'kugawikana timabokosi, kenako mdima bii. Pakapita kanthawi zithunzi zinkabwerera zokha, anthu akukumbatirana, chigoli chitalowa kale. Tsiku lina ankaonera osadukiza, tsiku lotsatira n'kumangoduka.

"Alamu, bwanji osaitana Ganizani wokonza madishi uja?" anafunsa a Wilson.

"Ine ndayang'anira anthu ndi makina moyo wanga wonse. Kambale aka kangandikanike?"

Anazimitsa dikoda n'kuyatsanso. Anamasula waya, n'kuuzira, n'kumanganso. Polumikizira panja anakulungapo jumbo ya shuga kuti madzi asalowe, ndipo apa sanalakwe. Koma atafika pofunditsa dikoda chitenje poti mwina ikumva kuzizira, a Wilson anaseka mpaka kutsamwa ndi kalongonda. Kuseka kumeneko kunawalowa mumtima a kapitawo.

M'mawa mwake anaima kumbuyo kwa dishi, n'kutsinzina diso limodzi ngati mlenje, kutsata kumene inkaloza. Kutsogolo kwake, kuseri kwa mpanda, kunali mtengo wa mango a boloma wa a Wilson, utachita maluwa mbuu. Mlandu unathera pomwepo, wopanda mboni.

"Alamu, mtengo wanu ndi umene ukunditsekera zithunzi," anatero ataima pampanda.

"Mtengo umenewu ndi wakale kuposa dishi yanu. Wayamba liti ufiti?"

"Wakula. Ine sindikondera munthu. Chilichonse chimene chikutseka dishi iyi chidulidwe, kaya ndi cha ndani. Chikanakhala changa, bwenzi nditachidula dzulo."

Annette anali pamtondo, ndipo anaimika musi. Ankadziwa kuti mango amenewo ndiwo amatonthoza zidzukulu m'miyezi ya njala. A Wilson anawayang'ana alamu awo. Akanatha kuwakumbutsa mwini wake wa dothi limene anapondapo, koma sanali munthu wotero. Madzulo a tsikulo anakwera mumtengo ndi chikwanje n'kuusadza wonse. Nthambi zamaluwa zinagwa imodziimodzi, zidzukulu zikuonerera.

Loweruka mbale ya kalongonda inabwera, koma anaibweretsa ndi Annette, n'kuisiya pakhonde. "Akuti akumva msana," anatero, maso ali kumbali.

A Robson anakhala okha pamaso pa kanema, mpando wa alamu awo uli pambali wopanda munthu. Anadzilimbitsa mtima kuti zithunzi zikawala bwino, a Wilson adzaona okha kuti panalibe nkhanza. Mpira unayamba. Kunja mphepo inawomba, malata n'kulira, ndipo wosewera anauma mwendo uli m'malere monga kale.

Manyazi amene anawagwira tsiku limenelo ndi osasimbika. Anazimitsa kanema, ndipo kalongonda uja anazizira m'mbale. Kwa masiku angapo ankatulukira khomo lakuseri poopa kuona mtengo wosadzidwawo. Mpira sankaulakalakanso. Chinkawadya ndi chakuti munthu amene anawasunga pamudzi tsopano ankawapatsa moni wa mlendo, wongokweza dzanja ali chapatali. Pilirani ataimba foni, anamva m'mawu mokha kuti zinthu sizili bwino, ndipo anatumiza Ganizani osapempha chilolezo.

Ganizani anafika panjinga yamoto kukuwaza kamvula ka chiperoni. Sanathamangire dishi. Anayamba wafunsa: "Adala, zimaduka nthawi yanji? Kukatentha, kukagwa mvula, kapena kukawomba mphepo?" A Robson anaganiza, n'kuvomera monyinyirika kuti kukakhala bata sizivuta. Ganizani anayang'ana dikoda, n'kutsata waya mpaka panja. Anamasula jumbo ija n'kupeza polumikizira pali pouma. Anagwedeza chitsulo, chinali nji. Kenako anaima pambali pa dishi n'kukweza maso.

"Dishi yamtundu uwu imanamiza, adala. Mukaiona ngati ikuyang'ana kutsogolo, koma imalandira kuchokera m'mwamba ndithu, cha apa." Analoza ndi dzanja, ndipo chala chake chinathera m'nthambi za mtengo wa mapeyala. Kamtengo kaja kanali katakula mwakachetechete mpaka kupitirira denga, ndipo chaka chimenechi kanali katachita maluwa koyamba. "Masamba akanyowa amalemera, mphepo ikawakankhira kuno amatseka njira. Ikaleka, amabwerera."

"Sizingatheke," anatero a Robson, koma mawu anatuluka opanda mphamvu.

A Wilson anali atafika pampanda kudzaona mlendo wa njinga yamotoyo. Ganizani, amene sankadziwa za mkanganowo, anawapempha kuti akokere nthambi yaikulu kumbali ndi ngowe yothyolera zipatso. Atakoka, zithunzi m'nyumba zinawala mbee. Atasiya, zinagawikana timabokosi. Anabwereza, ndipo zinachitika chimodzimodzi.

A Wilson anatsamiritsa ngowe pakhoma, n'kupita kwawo. Pobwera anali ndi chikwanje chomwe chija, Annette akuwatsatira pambuyo. Anachipereka ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Alamu, paja munati kaya ndi cha ndani."

A Robson anachilandira. Mawu anali awo, ndipo sanabwezepo mawu chibadwire. Anayenda mpaka patsinde, n'kuyika dzanja pakhungwa. Anakumbukira Estele atagwada pamalo omwewo, atawonda kale ndi matenda, akukwirira nthanga ndi manja n'kumati iye sadzadya nawo koma ena adzadya. Anakweza chikwanje m'mwamba. Anachitsitsa.

"Alamu, ndinakulakwirani," anatero misozi ili m'maso. "Ndinadulitsa mango a ana popanda mlandu. Mtengo wolakwa ndi uwu, koma dzanja langa likukana. Tengani, dulani ndinu. Ine ndilowa m'nyumba kuti ndisaone."

A Wilson anatenga chikwanje n'kuyandikira. Mtima unali ukadali wowawa, ndipo akanati adule palibe akanawadzudzula. Anayang'ana m'mwamba, maluwa aang'onoang'ono aja atanyowa ndi mvula, n'kukhala chiimire. Kenako anapukusa mutu.

"Inu mukuti ndidule ine? Estele anali mlongo wanga asanakhale mkazi wanu. Ndinamubereka kumsana ine ameneyu."

Annette anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, kenako anaphulika kuseka. "Taonani madala awiri, chikwanje chimodzi, mtengo uli chiimire! Mango anga ndiwo analibe m'bale."

Ganizani anakanda m'mutu. "Komatu adala, palibe chifukwa chodulira mtengo. Dishi imasuntha. Pangofunika malo oonekera bwino ndi waya wotalikirapo."

Onse anacheukira mtengo wosadzidwa uja. Mtengo wa mango wonse unapita pa chinthu chongofunika sipanala. A Robson anafuna nthaka itang'ambika kuti alowemo.

"Kaikhomeni pakhoma panga," anatero a Wilson. "Kwathu kuli mbee tsopano, alamu anga anakonzeratu malo. Koma mapeyala oyamba akapsa, adya ndi adzukulu anga."

"Onse," anayankha a Robson. "Ngakhale a chaka chamawa."

Madzulo ake waya anadutsa pamwamba pa mpanda kuchokera kwa a Wilson kulowa kwa a Robson, ndipo madala awiriwa anakhalanso pamipando yawo, mphepo ikuwomba mmene ikufunira. Kuweruza n'kosavuta mlandu ukakhala kuseri kwa mpanda. Koma wolakwa akapezeka pa chinthu chimene mtima wako umasunga, dzanja limalemera, ndipo ndi pamene umadziwa kuwawa kwa zimene unalamula mnzako. Akuluakulu anaona kale zimenezi pamene anati khoswe akakhala pamkhate sapheka.