Bawuti Yokana Kumasuka ndi Maso a Nkhono

Ananu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Uwu wa maso a nkhono, anthu ena a kumapiri a Neno amati unabadwira m'mbali mwa msewu, pa tsiku la maliro. Nkhaniyi anandiuza ndi mayi wina amene anali m'gulu la oimba tsikulo, ndipo ndiinena monga momwe iye anaifotokozera, osathirako mchere.

Kunali mwamuna wina dzina lake Gelevazio, dalaivala wa galimoto ya kuparishi. Inali galimoto yakale, yaitali miyendo, yokoka ndi matayala onse anayi, ya mtundu uja umene umakwera pamene zinzake zabwerera. Gelevazio anali wabwino mtima, koma waphuma. Ankadya ataimirira, ndipo moni ankayankha ali kale patali.

Bambo ake anamwalira m'nyengo ya dzinja, kuchipatala cha kuchigwa, atadwala nthawi yaitali. Uthenga unatsogola kumudzi, pamwamba pa mapiri, ndipo adzukulu analawirira kukakumba manda. Tsono mwambo wa kumeneko unali wakuti manda akakumbidwa sagona opanda mwini wake. Maliro anayenera kufika dzuwa lisanalowe.

Ananyamuka m'mawa. Bokosi linali kumbuyo, ndipo pambali pake panakhala amayi ake a Gelevazio, a Nangozo, pamodzi ndi amayi oimba nyimbo za maliro. Kutsogolo, pambali pa Gelevazio, kunakhala amalume ake, a Kalisito, munthu wa mawu ambiri.

Atafika pamtsinje anapeza utadzaza. Anthu anali atakhala pagombe kudikira kuti madzi aphwe pang'ono, koma Gelevazio sanaime. Analowa, madzi nafika m'zitseko, ndipo anaoloka ndithu. Koma atangoyamba kukwera chitunda, pansi pa galimoto panayamba kulira mosadziwika, magiya nkumalowa mokakamiza. Anaimika pansi pa mtengo wa msuku nakwawira kunsi. Atamasula bawuti yapamwamba ya giyabokosi, pomwe amathirira oilo, anapisa chala. Chinatuluka choyera ngati wachiviika mu tiyi wamkaka.

"Mwalowa madzi, amalume," anatero. "Tikakwera nawo phirili, mano a magiya athera m'njira."

"Nanga titani?"

"Oilo wabwino ndili naye kuseli kwa mpando. Ndingomasula bawuti yapansi, woipayu atuluke. Si ntchito ayi."

Anavundula m'thumba la zitsulo, koma sipanala yoyenera sinaoneke msanga. Anatola ina yokulirapo pang'ono, nati mumtima, imeneyi igwira. Anakoka, sipanala nkuterereka. Anakokanso, nkutererekanso. Bawutiyo inali itagwirana ndi dzimbiri la zaka zambiri. Apo mtima unamuwira. Anaveka paipi kumchira kwa sipanala kuti mphamvu ichuluke, naitsamira ndi phazi. Kunamveka kuti khwe! Dzanja lake linakamenya pachitsulo, zala nkusupuka.

Anapukuta matope nayang'ana. Ngodya zonse za mutu wa bawuti zinali zitadyeka. Mutuwo unali wobulungira ndi wosalala ngati batani la jekete. Panalibenso pogwira sipanala.

A Kalisito anagwada nasuzumira.

"Mphwanga, chitsulo sichimva Chichewa. Chimamva nyundo. Gwira apa." Anamupatsa nyundo ndi tchizulo. "Imenye m'mbali, izungulira yokha. Kapena ukufuna mlamu wanga agone pamsewu ngati thumba la makala?"

Gelevazio ankadziwa bwino kuti chigoba cha giyabokosi chinali cha chitsulo chofewa, chonga cha mapoto. Tchizulo chikanangophonya, chigobacho chikanang'aluka ngati mphika wadothi, ndipo palibe oilo akanakhalamonso. Pamenepo ulendo ukanathera pomwepo. Koma dzuwa linali litadutsa kale paliwombo. Anaganiza za manda ali yasa, ndi mudzi wonse ukuyang'ana kunjira. Anaika tchizulo pabawuti, nakweza nyundo.

"Gelevazio."

Anali mawu a amayi ake. Chichokereni kuchipatala anali asanalankhule.

"Amayi, ndili pa ntchito."

"Ndamva. Tuluka, bambo. Pali chimene maso angawa akulephera kuona."

Mayi wofedwa sakanizidwa. Gelevazio anatuluka, nyundo ili m'manja. Anapeza amayi ake atatsika, atakhala pa muzu wa msuku. Patsogolo pawo, pa mwala wonyowa, panali nkhono yaikulu ikuyenda.

"Chichokere ubwana wanga ndimamva kuti kanthu aka kali ndi maso. Tandionetsa pamene ali."

"Achemwali," anatero a Kalisito, "dzuwa likupita uku, inu mwayamba sukulu ya nkhono?"

Gelevazio, pofuna kuthana nazo msanga, anatola kamtengo nagunda nkhonoyo kumutu. Pomwepo tinyanga take tinalowa, mutu nkutsatira, pamwala nkutsala chigoba chokha.

"Yabisala, amayi."

"Khala pansi."

Anakhala. Anafuna kuigundanso, koma amayi ake anamugwira dzanja lija losupuka, nalisunga m'manja mwawo. Kunkamveka madontho okha ochokera m'masamba. Kenaka a Nangozo anayamba kulankhula motsitsa, maso ali pa nkhono.

"Bambo ako masiku otsirizawa sankalankhula. Aliyense wobwera ankawagwedeza phewa. Mukundidziwa? Ndine yani? Iwo nkutsinzina. Nawenso unkatero, injini uli utaisiya ikulira panja."

Gelevazio anazyolika.

"Ine ndinkangokhala, kolona ali m'manja. Dzulo m'mawa, m'chipinda muli zii, anatsegula maso. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, Nangozo, ukandiperekeze bwino kwathu, palibe chothamangira. Mawu awo otsiriza ndi amenewo."

Misozi imene Gelevazio anali asanagwetse chimwalirireni bambo ake inatsika tsopano. Analira mwakachetechete, amayi ake atamugwirabe dzanja. Pamene ankapukuta nkhope, anaona chigoba chija chikugwedezeka. Mutu unatuluka pang'onopang'ono. Tinyanga tiwiri tinatambasuka, ndipo kunsonga kwa kalikonse kunali kadontho kakuda, kakang'ono ngati njere ya bonongwe.

"Ndi awo, amayi," ananong'ona. "Kunsongako."

"Ndawaona," anatero a Nangozo. "Pita tsono."

Gelevazio anasiya nyundo pa muzu pomwepo. Anakhuthulira pansi thumba lonse la zitsulo, nayala chimodzichimodzi. Sipanala yoyenera ija inali momwemo, pansi penipeni, ngakhale tsopano inalibenso ntchito. Pambali pake panali tupa wopalira zitsulo. Anatenga tupayo, nakwawiranso kunsi.

Poyamba anatsuka bawuti ija, naidontheza oilo m'mbali kuti dzimbiri lifewe. Kenaka anayamba kupala mutu wake mbali imodzi. Malo anali opanikiza, ndipo tupa ankangoyenda kadanga kakang'ono. Fumbi la chitsulo linkamugwera kumaso. Oimba anayambanso nyimbo, motsitsa, ndipo dzanja lake linatsata nyimboyo. Mbali imodzi itaphwatalala, anayamba inzake ya kuseli. A Kalisito ankayenda uku ndi uku, kuyang'ana dzuwa, koma potsiriza nawonso anagona chafufumimba m'matope namugwirira nsanza yopukutira.

Mbali ziwirizo zitalingana, Gelevazio anayesa sipanala yaing'ono. Sinalowe. Mtima unamuuza kuti aikhomere, koma anaichotsa napalanso pang'ono. Ulendo wachiwiri inalowa, nkugwira kuti gwa. Anadzilemba chizindikiro cha mtanda, nakoka mofatsa, osagwedeza, mphamvu nkumaonjezera pang'onopang'ono. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenaka kunamveka kuti the! Bawuti inatembenuka.

Oilo woyera uja anatsikira m'chitini mpaka kutha. Gelevazio anabwezera bawutiyo ndi zala poyamba, kuti mazinga alowe bwino, ndipo pomanga sanaikakamize. Anathira oilo watsopano, naliza injini. Galimoto inakwera phiri lonse osadandaula.

Anafika kumudzi dzuwa litatsamira paphiri, lisanalowe. Adzukulu anali atakhala pa mulu wa dothi, makasu ali m'manja. Bambo a Gelevazio anagona m'nyumba yawo tsiku lomwelo, ndipo Mulungu awalandire.

Pa tsiku lometa, a Kalisito anafotokozera anthu zonse, osabisa kuti nyundo anapereka ndi iwo. Wina anafunsa a Nangozo kuti anaganiza bwanji zoitanira munthu ku nkhono pa nthawi yotero. Iwo anangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Mawuwo anayenda mudzi ndi mudzi mpaka anakhala mwambi.

Tanthauzo lake, ananu, si lakuti munthu azingokhala manja lende. Gelevazio anagwira ntchito yowawa ndi tupa uja kuposa imene akanagwira ndi nyundo. Mwambiwu ukutiuza kuti pali zinthu zimene zimatsekeka ukazikakamiza: nkhono, bawuti yadzimbiri, mtima wa mnzako, ngakhale pakamwa pa wodwala. Ukazigunda zimabisala. Ukakhala nazo pansi mofatsa, zimakuonetsa pogwira.

Bawuti ya mbali ziwiri ija inakhala m'galimotomo mpaka galimoto inakalamba. Okonza magalimoto ankati aisinthe, Gelevazio nkumakana. Ndipo amati kuyambira chaka chimenecho, akapita kukazonda wodwala, ankayamba wazimitsa injini.