Felix ndi Nkhope ya Malemu a Zuze

Munthu akatsika basi pa Nyimba, asanafike n'komwe kwa amai ogulitsa nthochi, maso ake amayamba agwa pa ntchito za Felix. Khoma lililonse la nyumba yometela tsitsi, kuchokela pamsika mpaka ku Kacholola, linali ndi mitu yojambulidwa ndi iyeyo. Inali mitu ya anyamata oyang'ana kumbali, mphuno yosongoka, diso limodzi, tsitsi lakuda bii pamwamba, m'mbali mopalidwa ndi leza. Anthu amalowa n'kuloza pakhoma kuti, "Ndimeteni ngati uyu." Felix akamva zimenezo amatupa ngati finye.

Tsiku lina ali pamakwelelo, bulashi kudzanja, kunabwela a Kapembwa, aphunzitsi a zojambulajambula a pasekondale, amene anamuphunzitsapo kale. A Kapembwa anali Mbemba wa ku Kasama. Tonse tidziwa kuti Mbemba akakumana ndi munthu wa kum'mawa kuno, moni wao ndi kunyozana, chifukwa pali chimbuya, ubale uja wa nthabwala.

"Iwe wodya mbewa, tsika apo ndikuuze nkhani," anatelo a Kapembwa.

"Kwelani ndinu," anayankha Felix. "Si paja kwanu mumatsatila anyani mpaka kunsonga ya mtengo?"

A Kapembwa anaseka pang'ono, kenaka nkhope inasintha. Anafotokoza kuti ku Lusaka kuli koleji yophunzitsa kujambula, ndipo iwo anapemphedwa kutumiza mwana mmodzi waluso, wa thandizo, wosalipila. Anali ataganizila Felix.

"Dzanja uli nalo, mwana iwe, koma maso ako akali ogona. Zaka zonsezi ukujambula munthu mmodzi yemweyo. Umangomusintha tsitsi."

Felix anaseka mpaka penti kudonthela pansapato za aphunzitsi. "Sukulu yojambula? Anthu amapita kusukulu kuti akapeze ntchito. Ine ntchito yachita kundichulukila. Ndikaphunzile chiyani, kutsegula chitini cha penti?"

"Felix, lelo chimbuya ndachisiya kunyumba. Ndikunena zoona."

Mawu amenewo ndiwo anamuseketsa kwambili. Kwa iye, Mbemba akanena kuti mbuzi yako ndi yoonda ndiye kuti wailakalaka. Anauza anzake pamsika kuti mbuya wake wa Chibemba uja wachita nsanje, afuna kumuthamangitsila ku Lusaka kuti makoma a pa Nyimba atsale ake. A Kapembwa anabwelanso, anatumanso mawu, koma zonse zinalowela khutu ili n'kutulukila linalo.

Nthawi imeneyo Felix anali pachibwenzi ndi Goodness, mtsikana wogulitsa nthochi pamseu. Kwao kwa Goodness kunali kumudzi wina kufupi ndi ku Minga. Makolo ake anabwela kuchokela ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, anakhala kumsasa wa othawa nkhondo ku Ukwimi, ndipo anzao atabwelela iwo anatsala n'kumalima. Bambo ake, a Zuze, anali atamwalila kalekale, koma chiliza chinali chisanamangidwe. Chaka chimenecho banja linakonza zomanga, ndipo amai ake, amai Teresa, ananena kuti nkhani ya ukwati idzakambidwa mwambo wa chiliza ukatha.

Felix anaona kuti mpata wodzionetsa kwa apongozi ndi womwewu. Popanda womupempha, analonjeza kuti adzajambula nkhope ya malemu, yaikulu ngati chitseko, kuti anthu adzawaone patsiku la mwambo.

Chithunzi cha a Zuze chinalipo chimodzi chokha, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kojambulidwa ali ku Ukwimi. Goodness anabwela nako atakakulunga m'kansalu. Felix anakasendeza kufupi ndi maso. A Zuze anali adazi, makutu aakulu, ndipo amayang'ana kutsogolo, maso onse awili ali tong'oo pa iye.

Mphuno ya munthu woyang'ana kumbali si nkhani, umangokoka mzele ngati ukujambula khasu. Koma mphuno yobwela kwa iwe, uigwila pati? Felix anayesa. Yoyamba inatuluka ngati mbatata. Anatenga thabwa lina. Yachiwili inafanana ndi chule atakhala padzungu. Maso nawo anakana kumvana, lina linayang'ana ku Petauke, lina ku Lusaka.

Goodness anamupeza atakhala pakati pa matabwa oonongeka, manja ali kunkhongo.

"Bwanji osakafunsa a Kapembwa?"

"Kuti akandiseke mpaka ku Kasama? Iyai. Iwe pita kunthochi zako, za penti usiyile eni ake."

Masiku anatha, matabwa abwino nawo anatha. Felix anakatenga chikwangwani chakale cha malo ena ootchela nyama amene anatsekedwa, chimene anajambulanso iye yemwe, n'kupaka penti yoyela kumbuyo kwake. Ndipo popeza dzanja limathamangila njila imene lidziwa, anawatembenuza a Zuze kuti ayang'ane kumbali. Mphuno inabwela bwinobwino. Koma dazi loonela m'mbali linafanana ndi chipanda. Felix anaganiza kuti kumeneko n'kunyoza malemu, choncho anawaika tsitsi. Tsitsi limene amadziwa linali limodzi lomwelo, lakuda bii pamwamba, m'mbali mopala, ndi kamzele ka leza pamwamba pa khutu. Anaima patali, nagwedeza mutu mokhutila, n'kuphimba ndi chitenge kuti ngakhale Goodness asaone.

Tsiku la mwambo anthu anabwela ambili, ena kuchokela ku Msanzala, ena kutsidya kwa malile. Atatha mapemphelo kumanda, anabwelela kumudzi n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, abambo pamipando, amai pamphasa. Akatekisiti analengeza kuti mnyamata wa ku Nyimba ali ndi mphatso. Felix anaimika thabwa lake patsinde la mtengo, anakonza jekete yobweleka, nakoka chitenge.

Ngakhale ana analeka kutafuna.

Amai Teresa anasendela kufupi, anapenda uku, anapenda uku. "Ameneyu ndani?"

"Ndi malemu, amai."

"Malemu ake a ndani? Amuna anga tsitsi linawathawa tisanawoloke n'komwe malile. Ili alipeza kuti? Kapena kumwamba limamelanso?"

Mnyamata wina kumbuyo anafuula kuti, "Ine ndimudziwa uyo! Ali pakhoma pa Kacholola. Ndinameta chomwecho pa Khilisimasi!" Achinyamata anaseka mobisa nkhope, koma akuluakulu sanaseke. Azakhali a Goodness, mlongo wa malemu, anagwila pakamwa.

"Inu mukuseka, simuona? Watifulatila! Munthu wokondwa amayang'ana abale ake. Uyu wapotoza khosi. Tachedwa nacho chiliza, wakwiya!"

Amai ena anayamba kusisima. Kenaka wina anafunsa motsitsa mawu kuti, nanga ngati wapotoza khosi, akuyang'ana ndani? Mitu yonse inatsata mphuno ya pathabwa, ndipo mphunoyo inaloza ndendende pamene anakhala a Yohane, mng'ono wa malemu. Mudzi wonse umadziwa kuti malilo atangotha, a Yohane analowelela mizele ingapo m'munda wa amai Teresa, ndipo nkhaniyo anthu amangoikambila kumadzi.

A Yohane ananyamula mpando wao n'kukakhala mbali ina. Azakhali aja anati, "Wathawa bwanji ngati alibe mlandu?" A Yohane anadzuka, naloza Felix.

"Mnyamata iwe, wakutuma ndani? Munda uja anandipatsa ali moyo!"

"Sindidziwa za munda, bambo. Ndi kajambulidwe chabe."

"Kajambulidwe? Mkulu wanga anali ndi maso awili. Lina lili kuti?"

"Lili mbali inayo," anatelo Felix, mawu akutuluka ngati a mwanapiye.

"Chabwino, tilione mbali inayo."

Felix asanatambasule dzanja, a Yohane anali atatembenuza thabwa. Anthu anaona mutu wa nkhumba waukulu, wofiila, ndi mawu akuti NYAMA YOOTCHA ILIPO. Nkhumbayo nayo imayang'ana kumbali. A Yohane anatembenuzanso, natembenuzanso, ndipo aliyense anaona yekha kuti diso la nkhumba ndi diso la malemu linali limodzimodzi, mpaka nsidze.

Apo ndiye zinasokonekela. Ena amalila, ena amagubuduka ndi phwete, azakhali ndi a Yohane amalozana zala za munda, akatekisiti akuyambitsa nyimbo imene palibe anaipolokeza. Goodness anathawila kuseli kwa nkhokwe.

Phokoso litachepa, amai Teresa anamuitana Felix. Sanakweze mawu.

"Mwana wanga sakwatiwa ndi munthu amene amaona theka la munthu. Mawa udzaona theka la iye. Tenga nkhumba yako uzipita. Ukadzabwela nawo amuna anga ali ndi maso awili, akundiyang'ana ine, tidzakamba. Ukachedwa, usadzati sindinanene, oyang'ana nthochi pamseu paja ndi ambili."

Felix anamanga thabwa panjinga, nkhope ya malemu n'kuiyang'anitsa kumsana kwake. Mapeto ake nkhumba ndiyo inatsanzika anthu a m'mudzimo.

Mmawa mwake anakagogoda kwa a Kapembwa. Nkhani inali itafika kale, paja ya manyazi siidikila basi.

"Ndamva kuti dzulo unadzutsa akufa," anatelo a Kapembwa.

"Aphunzitsi, nanenso lelo chimbuya ndachisiya kunyumba. Malo aja akalipo?"

Malo anali atapita. Anatenga mtsikana wina wa ku Msanzala, dzina lake Wendy, amene anavomela tsiku lomwe anauzidwa. Felix anayenela kudikila chaka china, ngati mwayi ungabwelenso. A Kapembwa analowa m'nyumba, natuluka ndi dzila, n'kuliika patebulo.

"Podikilapo, jambula ili. Osalidya."

Felix anajambula dzila lija mpaka linaola, nabweletsa lina. Anaphunzila kuti chinthu chimaoneka chozungulila chifukwa cha mthunzi, osati mzele. Atatha mazila, a Kapembwa anakhala pampando okha.

"Tsopano jambula nkhope yokongola ya Chibemba."

"Ndiyambile kumchila?" anafunsa Felix, ndipo a Kapembwa anamumenya khofi la pamutu.

Chaka chotsatila mwayi unabwelanso, ndipo Felix anakwela basi. Ku Lusaka anapeza kuti amene pa Nyimba anali tambala, kumeneko anali kamwanapiye. Anzake anaona zithunzi za makoma ake n'kumupatsa dzina lakuti Ameta. Wendy, wochepelapo msinkhu, ndiye amamukonzela makutu papepala. Aphunzitsi a kukoleji anawapatsa chigaza cha pulasitiki kuti adziwe pamene diso limakhala, ndipo nkhalamba ina imabwela kudzakhala pampando osagwedela, iwo akuijambula kuchokela mbali zonse. Kangapo Felix anamanga chikwama kuti abwelele kwao, koma akakumbuka nkhumba ija amamasulanso.

Kumudzi nako zinthu sizinaime. Ometa tsitsi anayamba kupachika zinsalu zosindikiza pamakina, ndipo mitu ya Felix inafufutidwa ndi laimu umodzi umodzi. Anthu pamsika amati anataya ntchito ili m'manja kukaphunzila zimene amadziwa kale. Goodness amamuimbila lamya n'kumuuza kuti woyendetsa lole wina wa ku Chipata akugula nthochi tsiku ndi tsiku, ngati ali ndi anyani kunyumba.

"Nthochi zikapsa sizidikila mwini wake, Felix. Amai akufunsa."

Patchuthi cha kumapeto kwa chaka, Felix anatsika pa Minga ndi kansalu kokulunga m'khwapa. Sikanali kakakulu ngati chitseko, ndipo jekete sanabweleke. Anapeza amai Teresa akusenda nshawa pakhonde, Goodness ali pambali. Anagwada, anapeleka moni, n'kutambasula nsaluyo pamphasa.

A Zuze anayang'ana akazi awo ndi maso onse awili, dazi likung'anima, makutu ali bayabaya, pakamwa atapotoza pang'ono ngati afuna kudandaula kanthu.

Amai Teresa anaika lichelo pansi. Anakonza duku lao, nakokela chitenge kumaondo. Misozi inatsika, osaipukuta.

"Ndi iwowo," anatelo potsiliza. "Amandiyang'ana motele ndikachulutsa mchele m'ndiwo."

Ananyamula nsaluyo ndi manja awili kulowa nayo m'nyumba, ndipo ali m'kati momwemo anafuula kuti, "Iwe Felix! Ukawauze amalume ako abwele Loweluka. Asachedwe, bambo ake a mwana akudikila."

Felix anabwelela ku koleji ali ndi tsiku la ukwati, ngakhale kuti makoma ake onse a pa Nyimba anali atayela. Luso anabadwa nalo, zimenezo palibe anatsutsa. Koma luso lokulila pamseu umodzi limadziwa za pamseu womwewo basi, ndipo amene anayesa kumuuza anamuyesa wanthabwala. Akuluakulu sananame pamene anati mwana wa ng'ona sakulila dziwe limodzi.