Dzina la a Eduvina Linasungunuka M'kambale

Pa siteshoni ya akatswiri a ku Chile ku Antarctica, chipinda chozizira ankachida aliyense. Koma m'menemo ndimo Maite Oyarzún, katswiri wa zamoyo za m'nyanja, anaika m'kambale kanyongolotsi kopyapyala ngati tsamba, komwe anakatola kunsi kwa mwala atamira m'nyanja ya ayezi. M'mabuku onse kanalibemo. Ankafuna kukatcha dzina la malemu mayi ake, a Eduvina, omwe anapindika msana potola nkhono kugombe kuti iye aphunzire. Koma lamulo la ntchitoyi ndi louma: dzina silitchedwa popanda thupi la kachilomboko loti likasungidwe kumyuziyamu.

"Achimwene, musakatulutse muno," Maite anauza Evaristo Quilodrán, katswiri mnzake wodziwa kujambula. "Kakhale pa ayezi pomwepo. Kakatambasuka kokha, mukajambule, tiwerenge maso ake."

"Zala zanga zafa kale, mayi. Ine si pengwini, mbalame ya m'ayezi ija," anayankha Evaristo uku akuseka.

Maite atapita kukavula zonyowa, Evaristo anadikira pang'ono, kanyongolotsi kali chikhwinyatire. Mtima unamufupikira. Ananyamula kambale kaja kupita nako kuchipinda chofunda, n'kukayatsira nyali yotentha kuti kadzuke msanga.

Chobadwira m'chisanu sichipirira moto. Pomwe Maite ankabwera ndi makapu awiri a tiyi, m'kambale munali mamina okhaokha.

"Kali kuti?"

"Ndimangofuna chithunzi chimodzi, achemwali..."

"Ndamira mpaka milomo kuchita dzanzi, inu n'kukakazinga ngati dzira? Kuzizira kwa zala zanu kwaposa kwa thupi langa lonse? Ukulu wanu uli m'ndevu basi. Mayi anga mwawakwirira kachiwiri."

Evaristo anazyolika. Maite anatseka maso, milomo ikuyenda mwakachetechete, kupempha Mulungu kuti agwire lilime lake lisanathe munthu. Tiyi wa Evaristo anamuikirabe patebulo, koma mwaukali mpaka anatayikira.

Kutacha, mphepo inaunjika ayezi pagombe lonse, kumira kunaletsedwa, ndipo sitima yowatenga inafika. Evaristo anasenza zikwama za Maite mpaka m'sitima osapemphedwa. Maite sanamuletse, koma anangotsogola osacheuka. Mwala uja unatsala pansi pa nyanja, ndipo dzina la a Eduvina silinalembedwe paliponse.

Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.