Babu Limene Linayakabe Masana

Panali mkulu wina wamasiye amene ankakhala yekha. Akuba atamubera njinga pakhonde, mwana wake wamkazi anabwera kuchokera ku tauni ndi nyali ziwiri zatsopano. Imodzi inali ya sola, yoyaka yokha dzuwa likalowa n'kuzima yokha kukacha. Inayo inkayaka pokhapokha chinthu chikadutsa, kaya munthu, kaya mphaka. Zonse ziwiri zinkawala mpaka kumsewu.

Pakhondepo panalinso babu lakale, lofiirira, swichi yake ili m'nyumba. Mwanayo anati lichotsedwe, chifukwa limawala pang'ono ndipo magetsi akathima nalo limathima. Sankanama ayi. Koma mkuluyo anakana, poti anazolowera kuliyatsa madzulo ndi kulithimitsa m'mawa asanasukusule n'komwe. Anthu ankamuseka kuti ndi woumira, sangalole kuti babu lake lionane ndi dzuwa.

Amene ankamuseka kwambiri anali mayi wina wogulitsa makala tsidya la msewu. Mayiyu anali wa pakamwa, ndipo palibe chimene chinkamudutsa.

Tsiku lina dzuwa linakwera ndithu, ana asukulu onse anali atadutsa kale. Nyali ya sola inali itazima pa nthawi yake, ngati kuti zonse zili bwino. Koma babu lija linali likuyakabe. Mayiyo ataliona anayamba kukonza mawu okanyogodola nawo mkuluyo. Kenako anachita mantha.

Anasiya makala ake osayang'anira, n'kukagogoda. Anaitana katatu, koma kunali zii. Anathamangira kwa akalipentala a pafupi, koma iwo anazengereza kuswa nyumba ya mwini.

"Thyolani chitsekocho," anatero mayiyo. "Akakwiya, akwiyire ine."

Anamupeza mkuluyo ali gone pansi pafupi ndi bedi, mbali imodzi itafa, pakamwa patakhota. Ankapumabe. Anamunyamula kupita naye kuchipatala, ndipo anachira, ngakhale kuti mpaka lero amakoka mwendo.

Mwana uja atafika anapita pamalo a makala, n'kugwada pa dothi lakudalo osasamala za chitenje chake. Anafunsa akulira kuti mayiwo anadziwa bwanji.

"Mwananga, bambo ako sanaiwalepo kuthimitsa babu lija. Zaka zonsezi ndimaliona m'mawa uliwonse."

Abale anga, nyali zatsopanozi n'zabwino, inenso ndili nazo kwathu. Koma zimayaka ndi kuzima chimodzimodzi, kaya mwini nyumba ali bwino, kaya wagwa. Nyali imatha kuthawitsa wakuba, koma singabwere kudzagogoda. Kumene mumakhala kuli munthu amene amadziwa nthawi imene mumatsegula chitseko ndi nthawi imene mumasesa pabwalo. Mwina mumamunena kuti amalowerera za eni. Ine ndimathokoza Mulungu chifukwa cha anthu otere. Inunso pitani lero mukamuthokoze munthuyo, pakamwa panu pakadali potha kulankhula.